Kompyuta Yolankhulira a Mpope

"Ndani wagwira kompyuta yanga?"

Mawuwo anatuluka m'kasipika kakuda ka pa tebulo, odekha ngati a mlendo wofunsa njira. Koma a Telala sankanamizidwa ndi sipika. Iwo ankamvera zala. Amuna awo akamamenya mabatani ngati akukhoma misomali, ankadziwiratu kuti zinthu zavuta.

"Ndiigwire ine ndikuonapo chiyani?" anayankha a Telala ali pakhomo la khitchini, akupukuta m'manja.

Zala zinagundanso kwa kanthawi. A Mpope ankalemba ndi zala ziwiri zokha, zonenepa, zozolowera sipanala, moti mkangano m'nyumba imeneyi unkayenda pang'onopang'ono. Munthu unkachita kudikira chipongwe chako mpaka chilembedwe.

"Sindikunena inu, a Telala. Ndikunena mkamwini wanu wanzeru zosefukirayu."

Mkamwini anali pafupi ndi chitseko, nsapato ina kuphazi ina m'manja, akufuna kuthawira ku ntchito.

"Apongozi, ine ndimafuna kuthandiza. Dzulo masana munali mutagona, kompyuta ikupempha intaneti. Ndinailumikiza, basi."

"Unaichotsa nthawi yanji?"

"Nditabwerako kumsika."

"Kumsika!" anakuwa a Telala. Popeza sipika sinkatha kukuwa, ntchito imeneyo inali yawo. "Inu akamwini, mwakhala m'nyumba muno nthawi yonseyi osadziwa kuti chinthuchi sachisiya pa intaneti?"

"Amayi, musamukalipire choncho," anatero Nesi, mwana wawo wamkazi, akutuluka kuchipinda ndi yunifolomu yomwe inali itayamba kuthina pamimba. "Bambo, chalakwika n'chiyani kwenikweni?"

"Batani langa palibe."

A Mpope anali mmisiri wa mipope ya madzi, munthu wapakamwa, woti akalowa m'bafa la eni kukakonza mpope ankatulukamo atakangana ndi banja lonse n'kumwanso tiyi. Matenda atawagwira pakhosi, madokotala anachotsa kholingo, n'kuwasiyira kabowo kopumira. Opaleshoni isanachitike, anthu ena a pulojekiti ya pachipatalapo anawawerengetsa ziganizo zambirimbiri, n'kuwapangira pulogalamu yoti akalemba mawu, kompyuta iziwatchula ndi mawu awo enieni. Akazi awo, a Telala, anasiya kusoka matenda a shuga atawononga maso. Ankangoona kuwala ndi zithunzithunzi. Wina sankatha kulankhula, wina sankatha kuwerenga, ndiye ukwati wonse unkadutsira m'kompyuta yakale ija.

Pulogalamuyo inali ndi khalidwe lake. Mwezi uliwonse inkafuna intaneti pang'ono kuti itsimikizire kwa eni ake kuti idakali m'manja oyenera. A Mpope ankati ikulonjera kwawo. Ankatsegula intaneti ngati mpope wa madzi odula: kutsegula, kulonjera, kutseka. Nthawi iliyonse pankabwera uthenga woti sisitimu yatsopano yoyendetsa kompyuta yonse yafika, ndipo pansi pake pankakhala mabatani awiri, lina loti tsopano, lina loti pambuyo pake. Zaka zonsezi a Mpope ankadina loti pambuyo pake, chifukwa a pulojekiti anawachenjeza kuti pulogalamu yawo siingagwire pa sisitimu ina.

Nesi anawerama n'kuwerenga. "Akuti sisitimu yakale yatha nthawi yake. Yatsopano yalowa kale, idziika yokha kumapeto kwa mwezi. Batani ndi limodzi, loti chabwino."

"Koma apongozi," anatero mkamwini, "zatsopano si zoipa ayi. Ku ofesi kwathu tonse anatisinthira. Amati zimateteza ku akuba."

"Akuba aba chiyani muno? Chifuwa changa?"

"Nanga ikadziika yokhayo," anafunsa a Telala, "bambo ako azilankhulira pati?"

Mkamwini anavala nsapato yotsala ija n'kutuluka mwakachetechete.

Loweruka Nesi anatenga makolo ake onse awiri kupita kwa mayi wina wokonza makompyuta, kuseri kwa mashopu a nsalu. Kompyuta anainyamula a Mpope m'chikwama chomwe a Telala anasoka maso asanafe. M'shopumo munali mothina, monunkha waya wopserera, ndipo kafani kankalira pakona. A Telala anawakhazika pa mpando wopanda chotsamira, pakati pa makatoni.

Wokonzayo sanali wolankhula zambiri. Anagwira ntchito nthawi yaitali, kenako anakankhira mpando wake m'mbuyo.

"Zomwe zinalowazo ndazichotsa. Kumapeto kwa mwezi siidziika yokha."

"Mulungu akudalitseni!" anatero a Telala.

"Musafulumire, mayi. Mwamuna wa mwana wanuyo musamuimbe mlandu kwambiri, izi zikanabwerabe. Pulogalamuyi ikadzafuna kulonjera kwawo, monga akunenera bambowa, siidzadutsa. Eni sisitimu atseka njira. Kompyuta yakale ikafika pa intaneti, akuiuza kuti iyambe yasintha."

"Ndiye isinthe, ilonjere, ibwerere," anatero Nesi.

"Kubwerera kulibe. Ndiponso pulogalamuyi ndaiyesa pa kompyuta yanga iyi ya sisitimu yatsopano. Siikutseguka n'komwe. Amene akanaikonza kuti igwirizane ndi zatsopano ndi omwe anaipanga."

"Nanga tikapanda kuilumikiza?"

"Mwezi ukatha idzadzitseka."

A Telala anatembenukira komwe kunkachokera mawu a wokonzayo. "Pepani mayi, ine sukulu sindinapite nayo patali. Mukuti tikailumikiza ifa, tikapanda kuilumikiza ifanso?"

"Ndi momwemo."

"Koma kompyutayi ndi yathu. Tinagula tokha. Mawu ali m'menemo ndi a amuna anga, anatuluka pakhosi pawo ine ndikumva. Munthu amene sanatione n'komwe angatitsekere bwanji pakamwa ali kwawo?"

"Munagula chitsulo ndi galasi, mayi. Za m'katimu anangokubwerekani. Sabata ino yokha pabwera wa makina opeta mabaji, pabweranso wa sikelo ya ku golosale. Zinthu zawo n'zabwinobwino, sizinathyoke paliponse, koma zaima."

Zala za a Mpope zinagunda. "Mpope wakale ukamatulutsa madzi sitiuzula."

"Inu ndi ine timatero, bambo. Iwo amagulitsa mipope." Wokonzayo anakokera kompyutayo pafupi. "Chilipo chimodzi chomwe ndingachite. Ndibweza tsiku la m'kompyutamu m'mbuyo. Pulogalamuyi iziona ngati mwezi sunathe. M'mawa uliwonse muzilibwezanso musanaitsegule."

"Tiziinamiza?" anafunsa a Telala.

"Muziinamiza. Koma imawerenganso payokha m'kati mwake. Tsiku lina idzazindikira, ndipo sindingakuuzeni kuti ndi liti."

Zala za a Mpope zinagundanso. "A Telala, mwamva? Inu muzikalamba nokha. Ine ndaima."

A Telala anaseka mpaka kutsokomola, ndipo pobwerera kunyumba anagwira mkono wa amuna awo mwamphamvu kuposa masiku onse.

Masabata otsatirawo Nesi anayenda. Ku chipatala anapeza chipinda cha pulojekiti ija chitasanduka mosungiramo matiresi. Mlembi wa pamenepo anati anthuwo anapita kalekale thandizo litatha, ndipo sankadziwa komwe ali. Ku kampani ya sisitimu kunalibe khomo loti munthu n'kugogoda, kunali nambala ya foni basi. Nesi anaimba ali pabalaza, foni ili pa sipika. Kunalira nyimbo mpaka tiyi anazizira, kenako kunabwera mnyamata waulemu kwambiri wolankhula chinenero chomwe a Telala sankachimva.

"Akuti chiyani?"

"Akuti akumvetsa mmene tikumvera."

"Ndiye atsegule njirayo."

Nesi analankhulanso, mawu ake akukwera. Mnyamatayo anayankha mofatsa ngati poyamba.

"Akuti n'zosatheka, achita zimenezi pofuna kutiteteza. Akuti sisitimu yatsopano ili ndi mawu ake okongola owerengera anthu, amuna ndi akazi, tingasankhe."

"M'chinenero chathu?"

"Ayi. Akuti mwina m'tsogolo."

"Umuuze kuti ine ndinasankha kale, ndili mtsikana."

Nesi sanamasulire zimenezo. Mnyamatayo anafunsa ngati panali china choti awathandize, kenako anawafunira tsiku labwino.

M'mawa uliwonse a Mpope ankabweza tsiku, ndipo a Telala ankaima kumbuyo kwa mpando wawo osapuma bwino mpaka sipika itanena kanthu. Kawirikawiri inkanena kuti tiyi wachepa shuga, kapena kuti wina wasunthanso mapilisi awo. A Telala ankayankha kuti munthu wopanda kholingo asamachuluke zonena, tsiku n'kuyamba. Anthu oyandikana nawo ankaganiza kuti awiriwa sagwirizana. Sankadziwa kuti a Telala akapanda kukanganapo m'mawa, mutu unkawapweteka tsiku lonse.

Nzeru yojambula mawu inachokera kwa Nesi. Lamulungu lina masana anabweretsa foni yake yakale n'kuiika pafupi ndi sipika.

"Bambo, tiyeni tisunge mawu anu nthawi idakalipo. Inu muzilemba, kompyuta izinena, ine ndizijambula. Ikadzatseka, muzidzangodina pa foni."

"Ukundiika m'manda ndili moyo."

"Si choncho, bambo."

"Ndi choncho. Ukufuna mawu omaliza. Kaitane ndi abusa omwe."

"Inu a Mpope," anatero a Telala, "mwanayu akuganizira ine. Mukadzakhala duu, ine ndidzadziwa bwanji kuti m'nyumba muli munthu? Ndizidzakupapasani ngati kabati?"

Zala zinagunda pang'onopang'ono. Kenako sipika inati, "Jambula."

Anayamba ndi moni wa m'mawa, wa masana ndi wa madzulo. Anajambula zikomo, pepani, ndili bwino kaya inu, fikani alendo, pitani bwino. Mkamwini, yemwe kuyambira tsiku lija ankayenda m'nyumbamo ngati mphaka wonyowa, anati pakhalenso pemphero la chakudya, ndipo a Mpope analilemba lalitali bwino. Nesi anapempha mawu a mwana amene ankayembekezera, oti adzamve agogo ake akumulandira, akumuyamikira akadzayamba kuyenda, akumudalitsa akadzakhoza mayeso. Polemba zimenezo zala zinkagunda mofewa, ndipo a Telala anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

"Nanga amayi simuwauza kanthu?" anafunsa Nesi.

"Akudziwa kale."

"Bambo!"

Sipika inati, "A Telala, mwandisunga bwino. Zikomo."

"Ha! Bwerezani, mwina makutu nawonso ayamba kufa," anatero a Telala, ndipo onse anaseka. Mtima wawo unali myaa. Chikwatiwire anali asanamvepo amuna awo akulankhula mokoma chotero masana onse athunthu.

Zala zinathamanganso. "Jambulanso ichi. A Telala, mwathira mchere ngati mukukwirira mtembo. Ichinso. Mkamwini, chotsa manja ako pa zinthu zanga. Ichinso. Ayi, sindikufuna, ndisiyeni."

Mkamwini anaseka mwamanyazi. Nesi anaimitsa foni.

"Izi ayi, bambo. Foni imeneyi adzamvera ndi mwana. Mukufuna adzakudziweni ngati munthu waukali?"

"Ndine waukali."

"Tikusunga zabwino zokhazokha. Si choncho amayi?"

A Telala anali adakali m'kukoma kwa zikomo uja. "Fufuta, mwanawe. Zaka zonsezi ndamva za mchere, zakwana. Tisiyireni zoti tizimva mtima uli m'malo."

"Mwatsimikiza, a Telala?"

"Ndatsimikiza. Nenani zina zokoma."

A Mpope sanatsutsenso. Analemba zina zingapo zokoma, kenako anati atopa.

Pulogalamuyo inazindikira bodza lija m'mawa wina wa pakati pa sabata. A Telala anaima kumbuyo kwa mpando monga mwa masiku onse. Anamva zala zikugunda, kusiya, kugundanso. Sipika sinanene kanthu. Anamva mpweya ukutuluka mofulumira pa kabowo ka pakhosi paja.

"Nesi! Tabwera kuno!"

Nesi anawerenga mawu a pa sikirini motsitsa. Pulogalamu yatsekedwa, ilumikizidwe ku intaneti. Anaimbira mayi wokonza makompyuta uja, yemwe anati pepani, apa nzeru zake zathera pomwepo. Madzulo ake mkamwini anati popeza yafa kale, bwanji ayese kuilumikiza, mwina eni akewo anaikonza mwakachetechete. A Mpope anakankhira kompyutayo kwa iye. A Telala ankangoona kuwala kwa sikirini kukusintha mtundu, kuzima, kuyakanso. Patapita nthawi kunamveka kanyimbo kosangalala, kenako mawu a mtsikana wachilendo.

"Akuti chiyani ameneyo?"

"Akuti takulandirani," anatero mkamwini. "Akuti zonse zili m'malo mwake."

Pulogalamu ya a Mpope inalipo ndithu, kachizindikiro kake kali pakona pomwe kankakhala. Mkamwini anakadina kambirimbiri, koma sikanatseguke. Anayesa kumulembera mtsikana wachilendoyo mawu a chinenero chawo, ndipo zomwe anatchula zinali zoti ngakhale Nesi sanazimve. A Mpope anatseka kompyutayo, anaiika m'chikwama chake, n'kuikankhira pansi pa bedi.

Masiku oyamba foni ija inkaoneka ngati yathandiza. M'mawa a Telala ankamva moni, pa chakudya pemphero, alendo akabwera ankalandiridwa ndi mawu a mwini nyumba mpaka ena ankalira. Nesi anawaphunzitsanso kuti a Mpope akagogoda tebulo kamodzi ndiye kuti inde, kawiri ndiye kuti ayi. Zina ankalemba pa pepala, Nesi n'kudzawerenga akaweruka. Aliyense ankati banjali lapeza njira.

A Telala okha ndi amene ankadziwa kuti m'nyumbamo mwalowa mlendo. Mwamuna wa mu foniyo anali waulemu, wothokoza, wosadandaula. Tiyi akachepa shuga ankati zikomo. Mapilisi akasowa ankati ndili bwino kaya inu. Ankanena mawu omwewo, mofanana, lero ndi mawa. A Telala anayamba kuchita dala. Anathira mchere wambiri m'ndiwo mpaka mkamwini anamwa madzi kapu yonse, koma kuchokera kumpando wa amuna awo kunangomveka supuni ikuikidwa pansi. Anayamba kuwasowa amuna awo ali nawo m'chipinda chimodzi, ndipo ankachita manyazi kuuza mwana wawo kuti chomwe akulira n'chiyani.

Tsiku lina m'mawa, ana atapita ku ntchito, mpope wa pa sinki unayamba kudontha. A Telala anaumvera kwa kanthawi, kenako anapita pabalaza n'kuima patsogolo pa chithunzithunzi cha amuna awo.

"Mpope ukudontha."

Tebulo linagogodwa kamodzi. Mpando unalira, a Mpope akufuna kudzuka.

"Khalani pansi. Ndiitana uja wa kuseri kwa msika."

Ameneyo anali mmisiri yemwe a Mpope ankadana naye chiyambire ntchito, yemwe ankati amamata mipope ndi malovu. Kungomutchula m'nyumba muno kunkabweretsa mkangano wofika madzulo. Tebulo linagogodwa kawiri, mwamphamvu.

"Mukugogoda chiyani? Ndamva kuti ndi katswiri. Akuti ntchito zanu zambiri anachita kukonzanso ndi iye. Inu mwakalamba, manja akunjenjemera. Ndimuitana, ndipo ndimupatsa ndi sipanala yanu yaikulu ija agwiritse ntchito."

Tebulo linagogodwa kawiri, kenako kawirinso, kapu n'kugwa pansi. A Telala anamva amuna awo akutola foni. Anadikira monga ankadikirira kale, ali ndi kachiyembekezo kopusa koti mwina Nesi anaiwalako kamodzi kosafufuta. A Mpope anafufuza nthawi yaitali.

"Zikomo kwambiri, mwachita bwino," inatero foni.

"Musandithokoze! Ndakunyozani dala, simukumva? Ndakunyozani pa ntchito yanu!"

Anafufuzanso.

"Ndine wokondwa kukhala nanu nonse."

"A Mpope, ndapota nanu," anatero a Telala. "Ndinalakwa ine, ndi ine ndinati afufute. Tandikalipirani. Kamodzi kokha."

Foni inagwera pa mpando. A Telala anatambasula manja, anapeza phewa, kenako tsaya. Linali lonyowa, ndipo nsagwada zinkayenda. Anaika nsonga za zala pa milomo ya amuna awo. Milomoyo inkathamanga, kutseguka, kutsekeka, kukwinyika, mpweya wotentha ukutuluka pa kabowo ka pakhosi n'kumawomba pa dzanja lawo. Zinali zambiri, zazitali, zosapumira, ndipo mwa zonsezo munali za mmisiri uja, za mchere, mwinanso za masabata onsewa. A Telala anakanikiza zala, anatseka maso awo osaonawo, anayesetsa ndi mphamvu zawo zonse.

A Mpope ankawakalipira ndithu, ndi mtima wawo wonse, koma a Telala sanatolepo liwu ngakhale limodzi.